Asilikali a ku Britain akundinyengerera kuti ndilowe Reserve ngati dokotala. Ndivomere?

"Zikomo adokotala. Ndine dokotala wogonetsa odwala pa opaleshoni. Ndinaphunzira ku College of Medicine ku Blantyre, ndipo kuno ku England ndakhala zaka zisanu ndi ziwiri. Kwanditsalira zaka zitatu kuti ndikhale consultant, dokotala wamkulu amene wamaliza maphunziro a ukatswiri, ndipo chaka chatha ndinapeza chilolezo chokhala kuno mpaka kalekale. Mwezi wathawu asilikali anaika tebulo pakhomo la kantini ya chipatala chathu. Ine ndinangoima kuti nditenge cholembera chaulere, koma atamva ntchito yanga sanandisiyenso. Andiimbira kale kawiri. Akuti ndilowe Army Reserve, ntchito ya m'zipatala za boma za NHS ndizigwirabe, kwa iwo ndizingopitako masiku owerengeka pa chaka. Mtima ukufuna, sindinama. Koma akazi anga akuti ana athu awiri akadali aang'ono, ndipo mayi anga ku Dedza atangomva mawu oti usilikali anayamba kulira pa WhatsApp. China chondikayikitsa n'chakuti anzanga awiri amene analowa anatuluka pasanathe zaka zitatu. N'chifukwa chiyani akutifuna chonchi, nanga olowawo sakhalitsa bwanji? Pali msampha?"

Dokotala wokayika, kumpoto kwa England

Mphwanga,

Za cholembera chaulerezo zandiseketsa, chifukwa ine anandigwira ndi kapu ya tiyi. Yunifolomu imeneyi ndinaivala zaka zoposa khumi uku ndikugwira ntchito ya NHS, ndipo chakumapeto ndinali mmodzi mwa oima kuseri kwa tebulo ngati limene munaliona. Mbali zonse ziwiri za tebulolo ndinakhalako, choncho ndikuuzani zimene timanena poitanira anthu komanso zimene timangoziganiza mumtima.

Choyamba mtima ukhale m'malo. Msampha umene mayi akuuopa, woti mwasaina lero mawa akukwezani ndege mfuti ili m'manja, palibe. Dokotala wa Reserve akaitanidwa amapita ngati dokotala, ndipo ambiri amatha zaka osapondako kulikonse koopsa. Ngati simunaitanidwe ku ntchito mutha kupempha kutuluka, ndipo anzanu awiri aja ndiwo umboni wake. Koma misozi ya mayi musaipeputse. Ku Zomba kuli chipilala cha King's African Rifles chokhala ndi maina a anthu amene sanabwerere, ndipo m'midzi yambiri kwathu muli nkhani za amtengatenga a nkhondo yoyamba ndi za agogo amene anakafika ku Burma pa nkhondo yachiwiri. Kwa munthu wa msinkhu wawo, usilikali wa Angelezi ndi umenewo. Za mayi ndibwererako.

Tiyambe ndi chimene akukufunirani. M'dziko muno mulibenso chipatala cha asilikali okhaokha. Chotsiriza, cha Haslar kufupi ndi Portsmouth, chinatsekedwa mu 2009. Ngakhale madokotala amene usilikali ndi ntchito yawo ya tsiku ndi tsiku amagwira m'zipatala za NHS monga Queen Elizabeth ku Birmingham, Derriford ku Plymouth ndi Frimley Park, kuti manja asachite dzimbiri. Asilikali ovulala kunja amafikira ku Birmingham komweko. Tsono werengerani. Msilikali wamfuti amamuphunzitsa pafupifupi theka la chaka n'kukhala wokonzeka. Consultant wogonetsa odwala amatenga zaka 14 kuyambira tsiku lolowa sukulu ya udokotala, ngati sanapunthwe paliponse. Palibe boma limene lingasunge khamu la anthu otere n'kumawalipira kuti adikire nkhondo imene mwina sibwera n'komwe. Amachita kubwereka ku NHS, ndipo Reserve ndiye khomo lobwerekera.

Pa nthawi ya nkhondo ya ku Afghanistan, chipatala cha Camp Bastion ku Helmand chinkayendetsedwa mosinthana, ndipo magulu a Reserve ankatenga nthawi yawo ngati wina aliyense. A kwanu konko, 207 ya ku Manchester ndi 208 ya ku Liverpool, anapitako. Magulu awiriwa pambuyo pake anawaphatikiza kukhala 206. Munthu wa ntchito yanu kumeneko amakwana malo atatu: ku fiyeta, ku wodi ya odwala mwakayakaya, ndi mu helikopita yokatenga ovulala, mmene dokotala ankayamba kuika magazi ndi kugonetsa munthu ndege ili m'mwamba. N'chifukwa chake anthu a patebulo aja maso anawala atamva ntchito yanu. Akanakhala kuti munati ndinu wa matenda a khungu, akanakupatsani cholembera n'kukutsanzikani mwaulemu.

Palinso za ndale. Mu 2012 boma linalengeza kuti lichepetsa asilikali a nthawi zonse kufika pa 82,000 n'kukweza a Reserve ophunzitsidwa kufika pa 30,000. Mu 2014 dzina lakale la Territorial Army linasinthidwa kukhala Army Reserve. Kuchepetsako kunatheka, kukwezako sikunakwane. Tsopano nkhondo ya ku Ukraine yawakumbutsa kuti nkhondo yaikulu imavulaza anthu ochuluka pa sabata imodzi kuposa amene Bastion inkalandira pa miyezi. Njala ya madokotala ndi yeniyeni, ndipo inu muigwiritse ntchito. Munthu wofunidwa ali ndi ufulu wofunsa mafunso ovuta ndi kudikira mayankho.

Kulowa kwake kumafuna kudekha. Mmalawi ndi nzika ya Commonwealth, ndipo pokhala ndi chilolezo chokhala kuno mpaka kalekale mukuloledwa kufunsira. Anzathu amene akadali pa viza ya ntchito saloledwa, muwauze asataye nthawi. Kuyambira 2012 ntchito yolemba asilikali inapatsidwa kampani ya Capita, ndipo mu 2018 ofesi yofufuza za ndalama za boma, National Audit Office, inapeza kuti wofunsira usilikali wamba ankatha kudikira masiku 321 asanayambe maphunziro. Ambiri ankangotopa n'kusiya. Kwa ife obadwira kunja njira imatalikirapo. Amafuna mbiri yanu yonse ya zaumoyo, pamene ya ubwana wanu inali pa khadi la kusikelo limene chiswe chinadya kalekale. Amafufuzanso za chitetezo: kumene mwakhala, kumene mwayenda, abale amene ali kunja. Mukadutsa pamenepo pali mayeso a maofesala ku Westbury, kenako maphunziro afupi ku Sandhurst a anthu obwera kale ndi ntchito zawo monga madokotala, maloya ndi abusa. Madokotala ambiri amayambira pa kaputeni. Dzina la gulu limene mudzavale chizindikiro chake ndi Royal Army Medical Service, limene linabadwa mu Novembala 2024 ataphatikiza gulu lakale la zachipatala la asilikali, RAMC, la 1898, ndi magulu a anamwino ndi a madokotala a mano.

Pa zoyeza thupi pali chimodzi chotikhudza ife makamaka. Mu Novembala 2019 anyamata awiri, wina wa ku Malawi wina wa ku Ghana, anamwalira atagwa pa mayeso othamanga makilomita awiri ku Lichfield. Onse anali ndi mbewu ya sickle cell osadziwa. Kuchokera pamenepo asilikali anayamba kuyeza magazi asanathamangitse munthu. Inu ndinu dokotala, sindikuphunzitsani mmene minofu imaphwanyikira munthu akadzikakamiza thupi lilibe madzi. Ndingoti kadziyezetseni nokha musanayambe kuthamanga m'mapaki pokonzekera. Madokotala ndife oyamba kuiwala kuti tili ndi matupi. Za HIV zinasintha: kuyambira 2022 munthu amene akumwa mankhwala ndipo kachilombo sikakuonekanso m'magazi saletsedwa kulowa.

Nanga mukulonjeza chiyani mukasaina? Gulu la m'dera lanu limafuna masiku 27 pa chaka. Magulu amene amatenga anthu m'dziko lonse amafuna 19, ndipo awiri mwa iwo ndi oyenera kuwafunsa: 306 Hospital Support Regiment, wa akatswiri a m'chipatala, ndi 335 Medical Evacuation Regiment, wonyamula ovulala. M'masiku amenewa muli kampu ya milungu iwiri, otsalawo ndi Loweruka ndi Lamlungu komanso madzulo a pakati pa sabata. Tsiku lililonse amalipira, pali kapenshoni kamene a Reserve anayamba kulowamo mu 2015, ndipo mukakwanitsa masiku ndi mayeso a chaka mumalandira bonasi yosadulidwa msonkho imene imakwera chaka ndi chaka mpaka chachisanu. Koma ndikuuzeni ngati mbale. Loweruka limodzi la locum, ganyu yogwirira dokotala wina, m'chipatala lidzakupatsani zambiri kuposa Loweruka la m'tenti. Ngati kumudzi akudikira fizi ya adzukulu, feteleza wa mayi ndi malata a nyumba, khalani pansi ndi cholembera chanu chaulere chija muwerengere. Wolowera ndalama amakhumudwa chaka choyamba chomwe.

Kuitanidwa ndiko kumene alamu akuopa. Lamulo la Reserve Forces Act la 1996 limapatsa boma mphamvu yokuitanani ngakhale musakufuna, kwa nthawi yofika miyezi 12 kuphatikiza kukonzekera ndi kupuma mukabwerako. Masiku ano amayamba afunsa amene ali okonzeka, ndipo amayesetsa kupereka chenjezo la masiku osachepera 28. Inu kapena abwana anu mutha kupempha kuti akusiyeni kapena akudikireni ngati pali chifukwa chomveka. Lamulo lina la 1985 limateteza ntchito yanu kuti muipeze pobwera, ndipo ngati malipiro a usilikali ndi ochepa kuposa a kuchipatala amakuwonjezerani, bola mapepala a malipiro anu akhale osungidwa bwino. Akatswiri a ku fiyeta ku Bastion ankapita nthawi yaifupi, milungu ingapo kapena miyezi itatu, osati miyezi isanu ndi umodzi ngati asilikali ena. Zonsezi n'zoona. Koma n'zoonanso kuti mu 2003, pa nkhondo ya ku Iraq, anthu zikwi analandira kalata yowaitana mokakamiza, ena atangopatsidwa masiku ochepa okonzekera. Walira mvula walira matope. Ngati mumtima mukuti ndilowa koma tsiku loitanidwa ndidzapeza chozembera, musalowe, chifukwa malo anu adzawerengera pa dongosolo la chipatala chonse ndipo tsiku limenelo padzakhala dzenje.

Tsopano funso lanu lenileni: olowa sakhalitsa bwanji? Pa anthu amene ndinawaona akutuluka, sindikumbukira amene anathawa chifukwa choopa zipolopolo. Chimawatulutsa ndi rota, ndandanda ya mashifiti a kuchipatala.

Zipatala zambiri za NHS zinasaina pangano lothandiza asilikali la Armed Forces Covenant, ndipo zimene zili ndi mendulo ya golide pa ndondomeko yoyamikira olemba ntchito zimalonjeza masiku khumi a tchuthi cholipidwa kwa a Reserve. Papepala n'zokoma. Koma wolemba pepalalo si amene amakonza rota ya manaiti. Ine chaka china, pa chipatala chimene sindichitchula, kalata yovomereza kampu ndinali nayo m'manja, yosainidwa ndi akuluakulu, koma anandiuza kuti manaiti anga anayi ndipeze ndekha wondigwirira. Ndinawapeza, koma ndinalipira ndi Khirisimasi ndi Chaka Chatsopano. Chaka chotsatira chimodzimodzi. Anzanu a m'dipatimenti amayamba ndi kukunyadirani, pofika chaka chachitatu amati uyu akukasewera usilikali ife tikumusenzera katundu. Ndipo ngakhale masiku khumiwo atatuluka bwinobwino, pa 27 patsala 17, ochokera ku Maloweruka anu. Registrar, dokotala wophunzira ukatswiri ngati inu, amene amagwira kale weekend imodzi pa zinayi akapereka ina kwa asilikali, kunyumba kwatsala ziwiri, ndipo imodzi mwa izo amangogona.

Apa ndiye pamene mawu a alamu ayenera kulemera kuposa anga ndi a anthu a patebulo. Mnzanu wachingelezi akapita ku kampu, agogo a ana ali mtunda wa mphindi khumi pa galimoto. Ife kuno tilibe azakhali odzakhala milungu iwiri, tilibe mtsikana wothandiza pakhomo, tilibe oyandikana nawo amene mwana angangolowa n'kudya nsima. Mayi a ku Dedza kuti abwere n'kulimbana ndi viza ya alendo, ndipo ikatuluka ndi ya miyezi isanu ndi umodzi basi. Ndiye mukasaina inu, amene walowa usilikali weniweni ndi alamu, opanda yunifolomu, opanda bonasi. Ngati nawonso amagwira mashifiti, monga mmene zilili m'mabanja ambiri a Amalawi kuno, nkhaniyo ndi yolemera kawiri. Ine ndinakhalitsa chifukwa mayi a kunyumba anavomera ndi mtima wonse, ndipo tinapangana kuti tsiku limene adzati basi, ndi basi. Tsikulo linafika ndipo ndinabweza katundu wawo. Amene ndinawaona akulowa mkazi kapena mwamuna wawo atangoti chitani zimene mukufuna, palibe anafika patali. Mawu amenewo aliyense wokwatira amadziwa tanthauzo lake.

Chachiwiri ndi kunyong'onyeka, ndipo ichi a patebulo sitinena. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Zithunzi za pa kabuku kaja ndi helikopita ndi fumbi la m'chipululu. Bastion inatsekedwa mu 2014. Amene analowa pambuyo pake anapeza kuti Loweruka lambiri ndi kuwerenga mabokosi a zipangizo, kumanga tenti mvula ikugwa n'kuimasulanso, kubwereza maphunziro a pakompyuta ofanana ndi amene achita kale ku NHS, ndi kulimbana ndi makina a malipiro amene akana password. Munthu amene Lachisanu anagonetsa khanda la masiku awiri, Loweruka akudikira ola lathunthu pamzere kuti asainire chisoti. Ena amaseka nazo, ndipo kwa ine kunali kupuma: tsiku lonse popanda wofuna kuti ndipange chiganizo cha moyo ndi imfa. Ena zimawapweteka. Muyenera kudzidziwa kuti ndinu uti. Ndipo magulu amasiyana kwambiri. Kumene mkulu wa gulu ndi dokotala kapena namwino wodziwa rota ya NHS, amakulolani kusinthasintha masiku ndipo nthawi yanu saiwononga. Kumene amakuonani ngati dzina lodzazira kaundula, mudzatuluka ngati anzanu aja.

Vutoli si la Britain yokha. Ku America, itatha nkhondo ya ku Gulf mu 1991, madokotala a Reserve amene anali ndi makiliniki awoawo anabwerera n'kupeza odwala anasamukira kwina ngongole zili pakhomo, ndipo ambiri anatuluka usilikali. Pambuyo pake asilikali a kumeneko anaika lamulo loti dokotala wa Reserve asapitirire masiku 90 ali kumalo a nkhondo. Iwo amakopanso madokotala powalipirira ngongole za sukulu. Inu vuto la kiliniki mulibe chifukwa NHS idzakusungirani malo, koma muli ndi lina: wotchi ya maphunziro anu. Nthawi imene mwachoka itha kukankhira kutsogolo tsiku lomaliza, ndipo zimenezi amagamula ndi oyang'anira maphunziro anu, osati asilikali.

Ndingakhale wabodza ndikapanda kutchula za khungu. Ine ndinapezako abwenzi amene mpaka lero timaitanirana maukwati ndi maliro. Ndinakumananso ndi wina amene anandifunsa katatu ngati ndinedi dokotala, chizindikiro chili paphewa. Si zachilendo kwa munthu amene wagwira NHS zaka zisanu ndi ziwiri. Kusiyana kwake n'kwakuti ku usilikali mumagona, kudya ndi kusamba ndi anthu omwewo, ndipo macheza ambiri amachitikira pa mowa. Ngati simumwa, nenani tsiku loyamba, amazolowera.

Ndakuopsezani mokwanira. Chimene ndinakhalira zaka zonsezo n'chiyani? Udokotala wa ovulala umene ndinauphunzira kumeneko sindikanaupeza kwina. Kumanga lamba woletsa magazi musanayambe n'komwe za mpweya, kuika magazi ndi plasma msangamsanga m'malo mothira madiripi, opaleshoni yongotseka zotuluka n'kudzamaliza mawa, zonsezi zinakhwimira ku Iraq ndi ku Helmand zisanafalikire m'zipatala zikuluzikulu za ovulala zimene England inakhazikitsa mu 2012. Ku Strensall kufupi ndi York amamanga chipatala chonse choyeserera, n'kukuthirani ovulala abodza motsatizana mpaka mutaona pamene gulu lanu limathyokera. Mumaphunzira kutsogolera anthu otopa ndi amantha, zimene pa FRCA, mayeso a ukatswiri wogonetsa odwala, palibe.

Ndipo inu muli ndi chimene anzanu obadwira kuno alibe. Nkhondo imene akuikonzekera tsopano si ya Bastion, kumene helikopita inkafika ndi wovulala pasanathe ola. Ku Ukraine ma drone amapangitsa kuti wovulala akhale maola ambiri, mwina masiku, asanatulutsidwe. Funso lakhala loti munthu umamusunga bwanji wamoyo magazi ali ochepa, oxygen ili yowerengera, makina opumira ali amodzi odwala atatu. Amene anagwirapo naiti ku Queens kapena ku Kamuzu Central magetsi atazima, funso limenelo analiyankhapo kale ndi manja ake. Ine ndinaona ma consultant odziwika akusowa pogwira CT scan itachotsedwa pa zoyeserera, pamene kwa ine kunali ngati ndabwerera kwathu. Ngakhale kwathu komweko phunziroli linaonekera: mu Meyi 2019 msilikali wa Britain amene ankathandiza kulimbana ndi opha nyama ku Liwonde anavulazidwa ndi njovu, ndipo anamwalira asanafike kuchipatala. Mtunda umapha ngati chipolopolo.

Pali mtolo wina umene ndikufuna muuganizire usiku muli nokha. Pansi pa mapangano a Geneva a 1949 dokotala si womenya nkhondo. Amaloledwa mfuti yaing'ono yodzitetezera yekha ndi odwala ake, ndipo amathandiza wovulala malinga ndi kukula kwa bala, osati mbali imene akuchokera. Ku Bastion bedi lina kunkagona msilikali wa Britain, lotsatira munthu amene mwina ndiye anatchera bombalo, lachitatu mwana. Chimenecho sichivuta, dzanja limangogwira ntchito. Chovuta ndi pamene malamulo a chipatala akuti wodwala wamba asamutsidwe kupita ku chipatala cha m'deralo kuti bedi lipezeke, inu mukudziwa kuti kumeneko kulibe makina amene akumusunga. Ndipo yunifolomu siyikuchotsani pansi pa GMC, bungwe loyang'anira madokotala kuno. Mu 2003 ku Basra mwamuna wina wa ku Iraq, Baha Mousa, anafera m'manja mwa asilikali a Britain ali ndi mabala 93. Dokotala wa gulu limenelo anafufutidwa m'kaundula wa madokotala mu 2012 chifukwa sananene zoona za zimene anaona ndipo sanateteze akaidi ena. Tsiku lina mkulu wa nyenyezi zambiri atha kufuna kuti muyang'ane kumbali. Dzifunseni lero ngati pakamwa panu padzatseguke.

Zoopsa za thupi ziliponso ngakhale kulibe mfuti. Pa Ebola ku Sierra Leone, asilikali a zachipatala anagwira ntchito ku Kerry Town, ndipo mu Malichi 2015 namwino wa Reserve anatenga matendawa. Anachira ku Royal Free ku London. Koma chimene ndimachiopa kwambiri ndi chobwera nacho m'mutu. Msilikali wa nthawi zonse amabwerera pamodzi ndi anzake amene anaona zimene iye anaona. Wa Reserve amabwerera yekha, ndipo Lolemba ali ku fiyeta akumva anthu akudandaula za malo oimika galimoto. Ofufuza a ku King's College London anapeza kuti a Reserve amene anatumizidwa ku Iraq ndi Afghanistan ankavutika maganizo kuposa anzawo amene sanapite. Mukadzabwerako n'kuona kuti tulo sitikubwera, mukupsera mtima ana pa zazing'ono, botolo likutha msanga, kapena fungo lina likukubwezerani kumene munali, musadikire kuti zithe zokha ndipo musadzilembere mankhwala. Pitani kwa GP wanu, dokotala wa banja, mufunse za Op COURAGE, thandizo la NHS la asilikali ndi a Reserve, kapena Practitioner Health imene imaona madokotala mwachinsinsi. Alamu muwauziretu zizindikirozi, chifukwa adzaziona inu musanazione.

Maganizo anga pa inu ndi awa. Ngati Final FRCA simunakhoze, foni ija muiyankhe kuti adzaimbenso mukakhoza. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada, ndipo mayeso amenewo sagawana munthu ndi china chilichonse. Ngati munakhoza, yambani kufufuza koma osathamanga, chifukwa madokotala amawalandira ngakhale pa msinkhu umene msilikali wamba amakanidwa. Nthawi imene ndinaona kuti anthu amakhazikika bwino ndi pamene akhala consultant chaka chimodzi, ana ayamba sukulu, ndipo masiku a Reserve alembedwa mu job plan, mgwirizano wa ntchito yawo ndi chipatala, osati kuchita kupempha chaka ndi chaka. Kulowa panopa n'kotheka, koma mtengo wake adzalipira ndi alamu.

Musanasaine kanthu, kachezeni ku gululo madzulo amene amakumana, ndipo alamu apite nawo. Musacheze ndi wolemba anthu yekha. Pezani registrar kapena namwino amene wakhalako zaka zitatu, mumufunse kuti chaka chathachi masiku angati anagwira za udokotala zenizeni, madokotala angati atuluka, ndipo akalephera kubwera chifukwa cha rota akuluakulu amati chiyani. Anzanu awiri aja muwagulire khofi, akuuzeni chimene chinawatulutsa, osati chimene analemba pa fomu. Kuchipatala pemphani ndondomeko yolembedwa ya a Reserve, kenako mukhale pansi ndi Training Programme Director wanu, mkulu woyang'anira maphunziro anu, ndi wokonza rota, chifukwa awiriwa ndiwo adzasunge kapena kuphwanya dongosolo lanu. BMA, bungwe loimira madokotala, ili ndi komiti ya madokotala a usilikali, ngati ndinu membala afunseni. Inshuwalansi ya moyo ndi ya ngongole ya nyumba muiwerenge bwino, zina sizilipira imfa ya ku nkhondo. Lembani wilo, makamaka ngati muli ndi malo kapena nyumba kumudzi. Ndipo ngati mukuganiza zotenga pasipoti ya Britain n'kusunga ya Malawi, zimene lamulo la kwathu linayamba kulola litasinthidwa mu 2018, funsani ku ofesi ya kazembe ku London ndi kwa loya wa za immigration kuti zonse zikhale poyera musanalumbire kwa mfumu ya kuno.

Za mayi tsono. Nkhani yotere siyikambidwa pa WhatsApp netiweki ikudukaduka. Ngati mwatsimikiza, tumani amalume kapena mkulu wa mpingo amene mayi amamukhulupirira akakhale nawo pamkeka, kapena dikirani mupite nokha pa tchuthi. Muwauze kuti ntchito yanu idzakhala yomweyi yogonetsa odwala ndi kuwadzutsa, kungoti nthawi zina m'tenti. Musawanamize kuti kulibe choopsa, amayi amanunkhiza bodza ngakhale pa foni. Anga anakhala mwezi osandiyankhula za nkhaniyi, kenako anatumiza uthenga kudzera kwa mlongo wanga kuti akufuna chithunzi nditavala yunifolomu, koma m'manja musakhale mfuti. Ndinajambulitsa nditakolowekera stethoscope m'khosi, ndipo anachipachika pabalaza pafupi ndi kalendala ya Mvano.